Masheya a Telala Wosamva

Azakhali a Misozi anatulutsa jekete lomaliza m'bokosi lachitsulo, nalikutumula kawiri, naliyala pamphasa pomwe panali kale malaya, mathalauzi ndi nsapato zokutha zidendene. Linali tsiku lachitatu chiikireni m'manda mlongo wawo, bambo Lazarous Daka, telala wa pamsika wa Petauke, ndipo abale anasonkhana pakhonde kuti agawane zovala za malemu monga mwa mwambo. Ntchitoyo sinkaoneka kuti itenga nthawi. Munthu amene anasokera theka la Petauke mayunifolomu ndi madiresi a ukwati anasiya zovala zosadzaza n'komwe mphasa imodzi.

Tasila, mwana yekhayo wa malemu, anakhala chotsamira khoma, manja atawapinda pachifuwa. Anali mphunzitsi ku Nyimba, mayi wa mwana mmodzi, ndipo dzulo lake abale anamusankha kuti ndiye ayang'anire chuma cha masiye. Iye ankangofuna kuti zonse zithe, abwerere kwake.

Azakhali anapisanso dzanja pansi pa bokosi, natulutsa pulasitiki yomangidwa ndi kansalu. Atamasula, munatuluka envulopu yonenepa ndi chovala chopindidwa bwino. Anachitambasula m'mwamba, nkhope yawo n'kusintha.

"Ichi nichani manje?"

Linali diresi la mkazi, lakuda bii, lopanda duwa kapena mzere, la manja olekeza m'zigongono. Kenaka a Abraham, mkulu wake wa malemu, mlimi wa thonje wa ku Ndake, anakhosomola ngati munthu amene wapambana mlandu umene sankafuna kupambana.

"Ninakamba ine. Zaka seveni nakhala nikamba, imwe muli kuti mdala uyu ali na boza. Uja mkazi wa ku Lusaka aliko."

"Ni wathupi ndithu," anatero azakhali akuyeza chiuno cha diresilo ndi maso. "Koma dilesi yabwanji yopanda olo kaduwa? Monga ya pamalilo."

Nkhani ya mkazi wa ku Lusaka inali yakale. Bambo Daka anabadwa osamva ndi osalankhula, ndipo mkazi wawo, mayi ake a Tasila, anamwalira kalekale. Koma kwa zaka zisanu ndi ziwiri zapitazi, mwezi wa Epulo uliwonse, telalayo ankatseka shopu, n'kuvala jekete, n'kukwera basi ya ku Lusaka ndi kachikwama m'manja, n'kubwerako patapita masiku awiri. Palibe ankadziwa chimene ankakachita, ndipo kunena zoona palibe anawafunsa mofatsa. Anthu a pamsika, amene sasowa yankho pa funso lililonse, anagamula kuti kuli mkazi. Abale anavomera, pakuti kukhulupirira zimenezo kunali kopepuka kuposa kuphunzira kulankhula ndi manja.

Envulopu anapatsa Tasila kuti awerenge. Munali makalata ochokera ku kampani ya wailesi ya kanema yotchedwa Nthanda TV, ndi ena ochokera kwa anthu ogulitsa masheya ku Lusaka. Anawerenga kawiri asanakhulupirire. Bambo ake anali ndi kagawo ka umwini m'kampaniyo. Ankagula masheya pang'onopang'ono, makamaka mu Januwale, mwezi umene telala amaona ndalama za mayunifolomu, ndipo sanagulitsepo ngakhale imodzi, ngakhale m'zaka zimene mtengo unagwa. Kalata yapamwamba inali yatsopano. Inkanena kuti kampani ina yaikulu ikugula masheya a anthu ang'onoang'ono pa mtengo woposa wa pamsika, ndipo wofuna kugulitsa asayine pofika Lachisanu la mlungu wamawa.

"Munthu wosamva kugula wailesi," anatero a Abraham akupukusa mutu. "Ni uja mkazi anamunamiza. Asebenza kwamene uko, nakuuzani."

Anasendeza mpando wawo pafupi ndi Tasila, natsitsa mawu.

"Mwana wanga, mvela. Azakhali ako anagulitsa mbuzi zibili, anagona pansi mu chipatala masabata atatu kudwazika atata ako. Manda afunika mwala. Ndipo uja mkazi akamvela kuti mwamuna afa, azabwela na mwana kumbuyo na loya kutsogolo. Gulitsa vipepala ivi Fulaide isanapite, nkhani isile. Wosayina ndiwe."

A Abraham sanali munthu wadyera. Bokosi la maliro anagula ndi iwo, ndipo sanauze aliyense mtengo wake. Ankangoopa manyazi ndi milandu, monga amaopera mlimi aliyense amene anaonapo khomo la khoti.

"Nizagulitsa, atata," anatero Tasila.

Anayankha msanga kuposa mmene mwana waulemu amayankhira, chifukwa mumtima mwake munali mkwiyo umene maliro sanauzimitse. Zovala zinagawidwa, aliyense natenga chake, koma diresi lija palibe analikhudza. Azakhali analipinda mosasamala, naliponya m'chikwama cha Tasila pamodzi ndi envulopu.

"Tenga. Ukamuona mwine wake umupatse."

Mu basi yobwerera ku Nyimba, Tasila anatsamiritsa mutu pagalasi n'kumayang'ana chimanga chimene chinali chitayamba kuuma ngayaye. Kuyambira ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, iye ndiye anali pakamwa ndi makutu a bambo ake. Makasitomala akamakangana za mtengo, ankamuitana kumasewera. Kutchalitchi ankakhala pambali pawo n'kumawauza zimene abusa akunena. Tsiku limene mayi ake anamwalira, dokotala anayang'ana bamboyo, nayang'ana mwana wa zaka khumi ndi ziwiri, nasankha kuuza mwanayo. Ndi manja a Tasila amene anauza bambo ake kuti mkazi wawo wapita. Kusukulu anzake ankamugwedezera zala kumaso n'kumaseka. Choncho atapita ku koleji analumbira kuti manja akewo apumule, ndipo anasunga lumbirolo bwino kwambiri.

Chaka choyamba cha maulendo a ku Lusaka, bambo ake anatsika basi pa Nyimba, nabwera kusukulu ndi kachikwama kaja, naima pawindo la kalasi. Anamuyang'ana kuchokera m'mapewa mpaka m'mawondo, kenaka anakweza manja n'kunena kuti, tiye ku Lusaka, ndikukufuna. Ana a m'kalasimo anayamba kugwedeza zala n'kumagwa nako kuseka. Tasila anabisa manja kumbuyo, natuluka, nawalembera pakapepala kuti ali pa ntchito.

Chaka chotsatira anali atamva kale za mkazi uja, ndipo anaganiza kuti akufuna kukamuonetsa wolowa m'malo mwa mayi ake. Kuyambira pamenepo sanawalolenso kumaliza chiganizo. Akangoti tiye ku Lusaka, iye ankayang'ana kumbali, ndipo munthu wolankhula ndi manja ukamuyang'anira kumbali wamutseka pakamwa. Chimene chinkamupsetsa mtima koposa ndi kayang'anidwe kawo kaja, m'mapewa, m'chiuno, m'mawondo, ngati akumuwerengera kunenepa. Bambowo ankagwedeza mutu, n'kumusiyira phava la nthochi, n'kubwerera kumsewu kukadikira basi ina. Anatero kasanu ndi kawiri.

Lolemba, pa nthawi yopuma, Tasila anapita kuseri kwa kalasi ndi envulopu ija, naimbira wogulitsa masheya. Mwamunayo anali wachangu ngati kondakitala. Anati kugulitsa n'kosavuta, atumiza fomu pafoni, angosayina n'kuphatikizapo kalata ya imfa ndi ya kukhoti. Anawonjezera kuti wanzeru agulitse tsopano, chifukwa ogula aakuluwo akangolowa, mtengo wa pamsika ukhoza kutsika. Kenaka anamupatsa nambala ya ofesi yosunga mayina a eni masheya ku Nthanda TV kuti akanene za imfayo.

Kumeneko kunayankha mayi wina amene anati dzina lake ndi Ennie. Tasila anatchula dzina la malemu, nayamba kuwerenga nambala ya pakalata, koma mayiyo anamudula.

"Ba Daka ba ku Petauke? Ba telala?"

"Inde, amai."

"Bamwalila?"

Tasila anavomera.

"Pepani maningi," anatero mayi Ennie. "Ine ndine ninali kubalandila pa khomo chaka chilichonse, pa miting'i ya bene masheya mu Epulo. Imwe ndimwe ba Tasila?"

Tasila anadabwa kumva dzina lake pakamwa pa mlendo. Kenaka anafunsa funso limene linkamuyabwa.

"Amai, munikhululukile. Uyo mkazi wamene anali kubwela naye, mumuziba?"

"Mkazi uti? Banali kubwela beka. Ndiye chamene chinali kutimvetsa chisoni. Pa fomu ya miting'i pali malo yolemba ngati ubwela na wokuthandiza. Chaka chilichonse banali kulemba kuti nizabwela na wonikambila, mwana wanga Tasila, mphunzitsi. Ise tinali kuika mipando ibili kutsogolo. Umodzi banali kukhalapo, winangu banali kuikapo kachikwama."

Tasila anakhala pansi pa njerwa zimene zinali pamenepo. Mayi Ennie anapitiriza kufotokoza, mofatsa, ngati munthu amene wakhala akufuna wina womuuza. Pa nkhani za masana ndi za madzulo, wailesi yawo imaika kabokosi pakona ya pansi, mmene mumaima munthu womasulira nkhani ndi manja. Kabokosiko sikabweretsa ndalama, ndipo otsatsa malonda akhala akukasirira. Pafupifupi chaka chilichonse wina ankadzutsa nkhani yokachotsa. Ikafika nthawi ya mafunso, bambo Daka ankaimirira pakati pa anthu a masuti, n'kujambula kabokosi m'malere ndi zala ziwiri, n'kudziloza pachifuwa, n'kuyamba kulankhula ndi manja kwa mphindi zisanu zathunthu.

"Kulibe anali kumvela vamene bakamba. Uja womasulila wa mu kabokosi sabwela ku miting'i ya bene masheya. Chaka choyamba benangu banaseka. Koma banali kukamba mpaka basiliza, na thukuta pa mphumi. Pambuyo pake ba cheyamani banali kuti, nkhani iyi tiisiye chaka chino."

"Manje chaka chino?"

"Chaka chino ili pa ndondomeko futi, ndipo aba bogula batsopano sibaseka. Nisakunamizeni, masheya ya atate banu ni yang'ono, siyangagonjetse voti. Chamene yanali kubapatsa ni mpando na mphindi zisanu. Mukagulitsa, mpando uchoka. Mu miting'i monse muja kulibe winangu wosamva."

Belu linalira. Tasila analowa m'kalasi, nalemba tsiku pabolodi, nauza ana kuti awerenge okha. Anaima pawindo lomwe lija, chakumbuyo kwa ana, ndipo analira kwa nthawi yoyamba chimwalirireni bambo ake. Kumanda misozi inali itakana.

Lachitatu anapempha tchuthi nabwerera ku Petauke, fomu yogulitsira ili m'chikwama, yosindikizidwa koma yosasayina. Anatumiza uthenga kwa a Abraham ndi azakhali kuti akumane kushopu. Iye anafika msanga, dzuwa lili pamutu, ndipo anapeza chitseko chotsegula.

M'katimo munali anthu asanu ndi mmodzi atakhala pa mabenchi awiri, onse atapanikizana mbali imodzi ngati basi yopendekeka. Ankayang'ana kanema wamng'ono amene anali pa shelefu pamwamba pa makina osokera. Mawu anali otsitsidwa mpaka pansi. Wowerenga nkhani ankatsegula pakamwa pakati pa galasi popanda womusamala, pakuti maso onse anali pakona, pa mtsikana wovala bulauzi lakuda amene manja ake ankathamanga m'kabokosi.

Woyamba kumuona anali a Eustace, wosoka nsapato wa shopu yoyandikana, mnzawo wa malemu kuyambira ku sukulu ya ana osamva. Anaimirira, nagwira khutu lakumanja ndi zala ziwiri n'kulikoka pang'ono. Limenelo linali dzina la Tasila m'manja mwa bambo ake, ndipo panali patapita zaka zambiri asanalione. Ena onse anatembenuka, nachita chimodzimodzi.

Manja a Tasila anali olimba ngati zitseko za nyumba yosiyidwa. Anayamba molakwitsa, nabwereza, mayi wina wachikulire n'kumukonzera chala mosamunyoza. Anafunsa a Eustace chifukwa chimene bambo ake anagulira masheyawo. A Eustace anadikira kuti nkhani zithe, chifukwa ngakhale maliro sadukiza nkhani za masana m'shopu imeneyo, kenaka anamukhazika pa mpando wa makina n'kumufotokozera pang'onopang'ono, monga amachitira ndi mwana.

Chaka cha kolera, anatero, galimoto ya zimkuzamawu inazungulira komboni masiku atatu kuchenjeza anthu kuti asamwe madzi a pachitsime cha kumunsi. Komboni yonse inamva. Iye ndi mkazi wake, onse osamva, anaiona galimotoyo ikudutsa n'kuganiza kuti ndi za ndale. Mwana wawo wamkazi wa zaka zinayi anamwa madziwo. Diresi limene anamuika nalo m'manda anasoka ndi Lazarous, ndipo sanalandire kanthu.

Patapita nthawi Lazarous anapeza kuti wailesi imodzi ili ndi kabokosi, nagula kanema, naitana anzake. Tsiku lina kabokosiko kanasowa kwa mwezi wathunthu. Kasitomala wina amene anapuma ntchito ku banki anamulembera papepala kuti wailesiyo ndi kampani, ndipo kampani imamvera eni ake, ndipo aliyense wogula sheya ndi mwini. Lazarous analipinda pepalalo, ndipo Januwale wotsatira anayamba kugula.

Tasila anafunsa chifukwa chimene sanauzire abale. A Eustace anatambasula manja, nakweza mapewa. Auze ndani? Mkulu wake amadziwa mawu awiri okha a manja, idya ndi choka. Woti amve analipo mmodzi.

Sananene zimenezi momudzudzula, ndipo n'chifukwa chake zinamupweteka Tasila kwambiri.

A Abraham ndi azakhali a Misozi anafika anthu ena atabalalika, kutatsala a Eustace okha pakhomo akusoka nsapato. Tasila anawauza zonse, za mipando iwiri, za kabokosi, za chitsime. A Abraham anamvetsera chipewa chili pabondo, ndipo Tasila atamaliza anayankha.

"Namvela, mwana wanga, ndipo chanibaba. Koma iwe wekha wakamba kuti masheya aya siyangapambane voti. Manje tisiye ndalama yabwino chifukwa cha mphindi zisanu? Mwezi wamailo mtengo ukagwa, na kabokosi bakachotsa, tizakhala na chani? Manda ya mng'ono wanga ili chabe na mulu wa dothi. Azakhali ako khola lili pululu."

Zimene ananenazo zinali zoona, ndipo Tasila ankadziwa zimenezo. Anayang'ana azakhali ake, amene zidendene zawo zinali zong'ambika ndipo maso anali asanapole tulo ta m'chipatala.

"Mbuzi nizabweza, azakhali. Pang'ono pang'ono, pa malipilo."

"Sininakupemphe mbuzi ine," anatero azakhali mokalipa. "Ninadwazika mlongo wanga, sininadwazike kampani."

"Ndipo nkhani ya mkazi sinasile," anatero a Abraham. "Miting'i ni miting'i, navomela. Nanga dilesi ni ya ndani? Ya cheyamani?"

Tasila anali ataliiwala. Analitulutsa m'chikwama lili lokwinyika, nalipereka kwa azakhali. Iwo anakula akusesa tizidutswa ta nsalu pansi pa makina a mlongo wawo, ndipo chovala chilichonse ankayamba kuchiona kunsi. Analitembenuza, naliyandikiza kuwala kwa pakhomo, nayendetsa chala mumsoko wa m'mbali. Anasiya, nayambanso kuchokera m'khwapa.

"Iyi dilesi sinavalidwepo. Kolala ilibe olo thukuta. Koma yamasulidwa kambili."

"Mutanthauza chani?" anafunsa a Abraham.

"Onani mabowo ya singano. Apa anasoka, anamasula. Apa anasoka futi, anamasula." Anawerenga ndi chikhadabo, milomo ikuyenda. "Mizele seveni."

Tasila anayandikira. Mizere ya timabowoyo inali yoyandikana, uliwonse kunja pang'ono kwa unzake, monga mmene thupi la mkazi limakulira chaka ndi chaka. Koma wachinayi unali wosiyana. Unayamba limodzi ndi inzake m'khwapa, kenaka pamimba unakhotera kunja kwambiri, pafupifupi kumapeto kwa nsalu, n'kubwereranso m'chiuno. Wachisanu unabwerera m'kati.

Anawerenga zaka chobwerera m'mbuyo. Epulo wachinayi anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, pa mwana wake Natasha. Anakumbukira bambo ake ataima pageti la sukulu, akumuyang'ana m'mapewa, pamimba, m'mawondo, milomo ikugwedera pang'ono ngati munthu wowerenga. Tsiku limenelo anawakwiyira kuposa masiku onse.

Anakweza maso n'kuona kanema uja pa shelefu, nakumbukira bulauzi lakuda la mtsikana wa m'kabokosi, lopanda duwa kuti manja aoneke bwino.

Anatenga diresilo, nalowa kuseri kwa katani kumene makasitomala ankayesera zovala. Linalowa mosavuta. Mapewa anakhala pamalo pake, chiuno sichinathine kapena kukhwepa, ndipo manja analekeza ndendende m'zigongono. Telalayo sanamuyikepo tepi kwa zaka zoposa khumi. Tasila anaima m'kamdima ka kuseri kwa katani, atagwira pakamwa, akumva manyazi ndi chisoni zimene analibe woti akazipepesere.

Atatuluka, a Eustace anasiya nsapato n'kuimirira. A Abraham anayang'ana diresilo, nayang'ana mwanayo, kenaka anatembenukira kukhoma kumene kunapachikidwa tepi ndi sizasi.

"Zaka seveni," anatero. "Zaka seveni nimunamizila mng'ono wanga pa msika."

Tasila anatulutsa fomu ija m'chikwama, naipinda kanayi, naiika m'kadilowa ka makina momwe munkakhala choko ndi mabatani.

"Sinizasayina, atata. Munikhululukile. Mwina bazachotsa kabokosi, mwina mtengo uzagwa, ndipo muzakamba kuti munaniuza. Koma chaka chino vamene anali kukamba na manja bazavimvela na makutu."

"Uziba vamene anali kukamba?" anafunsa a Abraham.

"Awe. A Eustace azaniuza. Tizayenda tonse, mipando ni ibili."

A Abraham anatenga chipewa chawo, nachizunguza m'manja. Sanavomere ndipo sanakane. Anangoti mwala wa pamanda aona okha thonje likagulidwa, natuluka pang'onopang'ono. Pakhomo anaima pamaso pa a Eustace ngati akufuna kunena kanthu, nakweza dzanja, koma mawu awiri amene ankawadziwa sanali oyenera pamenepo. Anangowagwira paphewa n'kupita.

Azakhali a Misozi anatsala. Anamuzungulira Tasila kamodzi, akukoka apa, akusalaza apo, monga ankachitira mlongo wawo. Kenaka anagwada, napinda mpendero, napisa dzanja m'kati kuti aone msoko womaliza. Anakhala chogwada nthawi yaitali, nsalu ili pakati pa zala.

"Chavuta nichani, azakhali?"

"Bwela na dzanja."

Anamugwira dzanja, naliika m'kati mwa diresi, m'mbali. Kuseri kwa msoko womaliza kunali nsalu yotsala, yopindidwa ndi kusitidwa bwino, mulifupi mwake zala zinayi mbali iliyonse. Telala wosamala nsalu ngati bambo Daka sankasiya yochuluka chotero pa chovala cha munthu aliyense.

"Sanadule," anatero azakhali motsitsa mawu. "Anasiyako ya zaka zinangu."